Ula: Chibonga Chimene Chinatsala Nkhondo Itatha

Pa khobidi la masenti 10 la dziko la Fiji pali chithunzi cha chibonga. N'chachifupi, cha mpini woonda, ndipo mutu wake ndi wotupa, wa mizere yakuya ngati ya dzungu. Eni ake amachitcha i ula tavatava. Chakhala pa khobidilo kuyambira mu 1969, pamene dzikolo linasiya mapaundi ndi mashiling'i n'kuyamba kugwiritsa ntchito madola ndi masenti. Patapita zaka zoposa 40 anasintha makobidi onse, nkhope ya Mfumukazi Elizabeth inachotsedwa ndipo pamalo pake anaikapo mleme wa m'nkhalango za m'dzikolo, koma chibonga chija sanachisunthe. Motero mayi wogula chinangwa pamsika wa Suva, kapena mwana wogula switi popita kusukulu, amagwira tsiku ndi tsiku chithunzi cha chida chimene makolo ake ankaswera nacho mitu ya anzawo.

Nkhaniyi yakhala ikundizunguza mutu kwa nthawi yaitali. Kodi mtundu wa anthu uzichita nacho chiyani chida chimene unalandira kwa makolo, nkhondo imene chidacho chinasemedwera ikatha? Uchikwirire kuti ana asachione? Uchigulitse kwa alendo? Kapena uchikweze poonekera, n'kumachinyadira ngati kuti sichinakhetsepo mwazi? Anthu a ku Fiji anayesa njira zonse zitatu, ndipo zimene zinawachitikira n'zoyenera kuzilingalira.

Fiji ndi zilumba zoposa 300 za m'nyanja yamchere ya Pacific, ndipo zazikulu mwa izo ndi Viti Levu ndi Vanua Levu. Kale kunalibe mfumu imodzi yolamulira zilumba zonsezo. Kunali maufumu ambiri, monga Bau, Rewa, Verata, Cakaudrove ndi Lau, amene ankalimbirana malo, msonkho ndi ulemu. Midzi ya m'madambo inkazunguliridwa ndi ngalande zamadzi ndi mipanda, pamene ya kumtunda inkamangidwa pamwamba pa zitunda zovuta kukwera. M'dziko lotere mwamuna sankayenda chimanjamanja. Chibonga chinali ngati mbali ya chovala chake, ndipo chinali ndi mwambo wake: munthu wamba akakumana ndi mfumu panjira ankatsitsa chida chake, n'kupatuka, n'kunyonyomala mpaka mfumuyo itadutsa.

Zibonga za ku Fiji zinali za mitundu yambiri, uliwonse ndi ntchito yake. Panali totokia, cha mlomo wosongoka woboolera chigaza. Panali sali ndi gata, zopindika kumutu, zothyolera mafupa. Panali bowai, chowongoka ngati munsi, ndi vunikau, chimene mutu wake ndi tsinde la mtengo lokhala ndi zitsa za mizu. Panali kinikini, chophwatalala ngati nkhafi, cha mafumu ndi ansembe. Zonsezi n'zazikulu, zambiri mwa izo zogwira ndi manja awiri. Ula inali yaing'ono pa zonse, yotalika masentimita 40 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo ntchito yake yaikulu inali kuponya. Wankhondo ankaisomeka m'chiuno, pa lamba wa nsalu ya khungwa la mtengo, yofanana ndi chiwondo cha makolo athu. Ena ankasomeka ziwiri kapena zitatu, chibonga chachikulu chili paphewa.

Aliyense amene anawetapo ng'ombe kapena mbuzi ali mnyamata angamvetse msanga nzeru ya chida chimenechi. Ife tinkazula kamtengo kolimba ndi tsinde lake lomwe, n'kudula mizu, n'kupala mutuwo ndi mpeni mpaka utakhala wobulungira, kenaka n'kuuwamba pamoto pang'ono. Tinkadziwa, popanda wotiphunzitsa m'kalasi, kuti ndodo yolemera mofanana paliponse siipita patali, koma yolemera kumutu imazungulira mlengalenga ndipo imafika ndi mphamvu. Tinkadziwanso kuti mtengo wa kutsinde sung'aluka msanga, chifukwa mitsempha yake ndi yopiringizana. Mmisiri wa ku Fiji anadziwa zomwezo. Ula inkasemedwa kuchokera ku kamtengo kozulidwa ndi tsinde lake: tsindelo n'kukhala mutu, thunthu n'kukhala mpini, zonse mtengo umodzi wopanda cholumikiza. Kusiyana kwake n'kwakuti ife tinkalondola kalulu wothawa agalu, pamene ula inkalondola munthu.

Mmisiriyo, amene kwawoko amatchedwa matai, ankasankha mitengo yolimba ndi yolemera, monga nokonoko, womera m'mphepete mwa nyanja, ndi vesi, mtengo umene amasemeranso mabwato ndi mbale zazikulu za pamwambo. Chitsulo chisanafike ankagwira ntchitoyi ndi kasemasema wamwala, zigoba za m'nyanja ndi miyala yokhakhala ya pansi pa nyanja yopalira, ndipo pomaliza ankapaka mafuta mpaka mtengo utada n'kumanyezimira. Kumpini ankalemba timizere tokhotakhota totchedwa tavatava. Timizereto n'tokongola, komabe tinali ndi ntchito: dzanja la thukuta siliterereka pa mpini wolembedwa. Mitu inali yosiyanasiyana. Ya ula tavatava inali ya nthiti zakuya, ya ula drisia inali yobulungira ngati mpira, ndipo ya ula kitu inkafanana ndi kakokonati kosungiramo madzi. Pa ula zina za anthu otchuka ankalowetsapo tizidutswa ta dzino la namgumi, ndipo pa zina ankalowetsapo mano a anthu amene anaphedwa nazo.

Pankhondo ula inkatsogolera chibonga chachikulu. Mdani akafika pa mtunda woti mkono sungamufike koma diso likumuona bwino, kapena akatembenuka kuti athawe, ula inkauluka. Ikamupeza pamutu, pakhosi kapena pamwendo, ankagwa kapena kuchita chizwezwe, ndipo woponyayo ankamuthamangira n'kumumaliza ndi chibonga cha paphewa chija. Zinthu zikafika pogwirana, ula inkagwira ntchito ili m'dzanja. Ubwino wake unali kufulumira. Kuisolola m'chiuno ndi kuiponya kunali kamphindi chabe, ndipo n'chifukwa chake alendo oyamba a ku Ulaya, ngakhale anali ndi mfuti, ankaiopa. Mfuti za gogodera za nthawi imeneyo zinkafuna kuthiramo wonga ndi chipolopolo mwatsopano ukaombera kamodzi, ndipo wonga ukanyowa ndi mvula mfutiyo inkasanduka ndodo wamba.

Mfutizo zinafika ndi amalonda kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1800, poyamba ofuna mtengo wonunkhira wa sandalwood ku Bua, pambuyo pake ofuna tinyama ta pansi pa nyanja timene ankatiumitsa n'kukatigulitsa ku China. Mu 1808 chombo chotchedwa Eliza chinasweka pa matanthwe, ndipo mmodzi mwa opulumuka, Charles Savage, anakatumikira mfumu ya Bau ndi mfuti zake mpaka pamene anaphedwa mu 1813. Komabe mfuti sinachotse ulemu wa chibonga. Mwamuna amene wapha mdani ndi chibonga ankachitiridwa mwambo ndi kupatsidwa dzina laulemu loyamba ndi mawu akuti koroi. Chibonga chimene chapha chinkakhala ndi mbiri yakeyake, nthawi zina dzina lake lomwe. Zina zinkaperekedwa ku nyumba ya milungu, bure kalou, ndipo mwamuna akamwalira ankaikidwa m'manda ndi chibonga chake, pokhulupirira kuti mzimu wake udzachifuna pa ulendo wa kutsidya.

Apa ndi pamene wolemba aliyense amafuna kuthamanga, koma ndi poyenera kuyenda pang'onopang'ono. Nkhondo zimenezi zinali zankhanza. Midzi inkatenthedwa, othawa ankakanthidwa kumsana, ndipo matupi a adani ankaperekedwa kwa milungu n'kudyedwa pamwambo. Anthu a ku Fiji a lero sakana zimenezi. Chimene amakana n'chakuti mbiri yawo yonse ithere pamenepo, monga mmene alendo anachitira potchula dziko lawo kuti zilumba za odya anthu, osatchulako za mabwato awo aakulu a matupi awiri, nsalu zawo za masi, mbiya zawo, kapena mwambo wawo wa ulemu. Komanso amene ankalemba za nkhanzazo manja awo sanali oyera. Mu 1840 zombo za boma la America, zotsogozedwa ndi Charles Wilkes, zinafika ku Fiji. Akuluakulu awiri a m'zombozo ataphedwa pa chilumba cha Malolo, Wilkes anabwezera potentha midzi iwiri ndi kupha anthu ambirimbiri. Ulendo womwewo unatenga zibonga zochuluka zimene lero zili ku Smithsonian, mu mzinda wa Washington. Mlendo woziona m'galasi amauzidwa za ukali wa eni zibongazo. Si kawirikawiri kuti amve za ukali wa amene anazibweretsa.

Mapeto a nthawi ya chibonga amalumikizana ndi dzina la Seru Cakobau, mtsogoleri wankhondo wa Bau. Iye anamenyana ndi Rewa kuyambira mu 1843 kwa zaka zoposa 10. Mu 1854 analowa Chikhristu cha mpingo wa Methodist, ndipo mu 1855 anagonjetsa adani ake pa nkhondo ya Kaba mothandizidwa ndi asilikali a Mfumu George Tupou I ya ku Tonga. Mu 1871 anakhazikitsa boma ku Levuka n'kutchedwa mfumu ya Fiji, koma ngongole, mikangano ya azungu a minda ndi mpikisano wa mafumu anzake zinalifooketsa bomalo. Pa 10 October 1874 Cakobau ndi mafumu ena 12 anasaina chikalata chopereka Fiji m'manja mwa Britain. Pa nthawi imeneyo Cakobau anapereka chibonga chake chankhondo kuti chitumizidwe kwa Mfumukazi Victoria, monga chizindikiro chakuti lamulo la chibonga latha ndipo dziko lilamulidwa ndi malamulo olembedwa.

Chimene chinatsatira sichinali mtendere wokha. Mu 1875 chikuku chinalowa m'dzikolo kudzera pa chombo chimene chinabweretsa Cakobau kuchokera ku Sydney, ndipo chinapha anthu pafupifupi 40,000, munthu mmodzi mwa anayi alionse. Palibe chibonga chimene chinaphapo anthu ochuluka chotere m'miyezi yowerengeka. Mu 1876 anthu a m'mapiri a Viti Levu anaukira ulamuliro watsopanowo, ndipo bwanamkubwa Arthur Gordon anawagonjetsa pogwiritsa ntchito asilikali a ku Fiji komweko. M'zaka zomwezo nyumba ya bwanamkubwa inadzaza ndi zibonga, nthungo ndi mbale zosema zimene Gordon ndi alendo ake ankatolera. Mmodzi mwa iwo, Anatole von Hügel, pambuyo pake anakhala woyang'anira woyamba wa nyumba yosungiramo zinthu zakale za mitundu ya anthu ku Cambridge, ndipo zambiri mwa zimene anatolera zili kumeneko mpaka lero. Zina mwa zidazi zinagulidwa, zina zinaperekedwa ngati mphatso za mafumu, zina zinalandidwa pankhondo, ndipo zina eni ake anazisiya okha atalowa chipembedzo chatsopano.

Chinthu chikachoka m'manja mwa mwini wake, choyamba kutayika ndi dzina. Otolera a ku Ulaya anatcha totokia kuti chibonga cha chinanazi, pamene mutu wake anaufanizira ndi chipatso cha mtengo wa pandanus wa m'zilumbamo. Sali ndi gata anazitcha zibonga za thako la mfuti, ngati kuti mmisiri wa ku Fiji anaonera kwa mzungu. Ula zambiri zimene zili m'nyumba zosungiramo zakale ndi m'misika ya anthu olemera sizidziwika mudzi umene zinachokera, mmisiri amene anazisema, kapena munthu amene anazisomeka m'chiuno. Ndikaona chithunzi cha ula yotere, mpini wake utasalala ndi thukuta la dzanja la munthu wosadziwika, ndimamva ngati ndaona mwana wosochera pamsika amene sangatchule dzina la kwawo. Ntchito yobwezeretsa mayina oona inagwiridwa kwambiri ndi Fiji Museum ya ku Suva, imene mu 1977 inasindikiza buku la Fergus Clunie lofotokoza zida ndi nkhondo za dzikolo.

Chibonga cha Cakobau chinayenda ulendo wina. Chitakhala ku Britain zaka 58, Mfumu George V inachibweza mu 1932, ndipo chinasanduka ndodo yaulemu ya nyumba ya malamulo, imene imayenda patsogolo pa Sipikala ndi kugonekedwa patebulo zokambirana zisanayambe. Chili ndi zokongoletsa zasiliva za nkhunda ndi masamba a kanjedza, zizindikiro za mtendere pa mtengo umene unasemedwera nkhondo. Fiji italandira ufulu pa 10 October 1970 chinapitiriza ntchito yomweyo. Pa chidindo cha dzikolo palinso amuna awiri, wina atagwira nthungo, wina totokia. Anthu a ku South Africa anachita zofanana mu 2000, pamene anaika nthungo ndi chibonga pa chidindo chawo chatsopano, zili chogona, kusonyeza kuti nkhondo yapumula.

Zikanakhala zokoma kunena kuti chibonga chitagona patebulo la nyumba ya malamulo, mphamvu ya mkono inagonanso. Sizinatero. Pa 14 May 1987 asilikali otsogozedwa ndi Sitiveni Rabuka analowa m'nyumba ya malamulo n'kuchotsa boma losankhidwa ndi anthu. Pa 19 May 2000 George Speight ndi gulu lake la mfuti anagwira nduna yaikulu Mahendra Chaudhry ndi aphungu ena, n'kuwasunga masiku 56. Mu December 2006 mkulu wa asilikali, Frank Bainimarama, analanda boma, ndipo chisankho sichinachitikenso mpaka 2014. Palibe mwa amenewa amene anafuna ula kapena totokia. Chida chakale chinali chitapuma kalekale, koma chilakolako chothetsa mkangano ndi mphamvu chinali chitangopeza chida china. Kwa ine phunziro lalikulu la nkhani yonseyi lili pamenepa: kuveka chibonga siliva n'kosavuta kusiyana ndi kuphunzitsa dzanja kupirira.

Komabe makolo a ku Fiji sanasiyire ana awo chibonga chokha. Anawasiyiranso tabua, dzino la namgumi lomangidwa pa chingwe cholukidwa, limene amapereka pofunsira mbeta, polira maliro, polandira mlendo wolemekezeka, makamaka popepesa. Munthu kapena mudzi wolakwa umapita kwa wolakwiridwa modzichepetsa, tabua ili m'manja, ndipo iye akailandira ndiye kuti walandira chipepesocho. Mu 1867 mmishonale Thomas Baker ndi anzake a ku Fiji amene anatsagana naye anaphedwa m'mudzi wa Nabutautau, m'mapiri a Viti Levu. Mu November 2003, patapita zaka 136, anthu a m'mudziwo anaitana zidzukulu za Baker, n'kuzipepesa mwamwambo ndi matabua, nduna yaikulu Laisenia Qarase ikuonerera. Akuluakulu athu anati mlandu suwola, ndipo anthu a Nabutautau anaonetsa kuti nacho chipepeso sichichedwa. N'zochititsa chidwi kuti tabua ili pa khobidi la masenti 20. Kaya amene anakonza makobidiwo anaganiza zimenezi kapena ayi, dzino lopepesera analipatsa mtengo wowirikiza kawiri wa chibonga.

Lero chibonga chimaoneka kwambiri m'gule. Pa meke i wau, amuna odzola mafuta ndi makala amavina atanyamula zibonga, akudumpha ndi kuopseza mdani amene kulibe, ng'oma yamtengo ya lali ikugunda. Amene anaonapo ingoma ya Angoni ku Mzimba kapena ngoma ku Ntcheu, amuna atanyamula zishango ndi zibonga, fumbi lili koboo, sangadabwe nazo. Gule amasunga mayendedwe a nkhondo n'kuchotsamo imfa. M'misika ya Suva ndi Nadi amisiri amasemanso ula zogulitsa kwa alendo oona malo, zambiri za mtengo wopepuka wodetsedwa ndi utoto. Sindingawanyoze, pakuti mmisiri ayenera kudyetsa ana ake, monga amachitira anzathu ogulitsa ziboliboli m'mphepete mwa misewu ya kunyanja. Koma ula yosemedwa kuti ikwane m'chikwama cha mlendo siiphunzitsa mwana wa ku Fiji chifukwa chimene agogo ake ankazulira mtengo ndi tsinde lake.

Pa njira zitatu zija, palibe imene ndingaitenge yokha. Kukwirira chida kumasiya ana osadziwa kuti makolo awo anali anthu otha kupha, ndipo mwana wosadziwa zimenezo saopa mkwiyo umene uli mwa iye mwini. Kuchigulitsa kumachichotsera dzina. Kuchinyadira kopanda kukumbukira amene anagwa nacho kumaphunzitsa anyamata kuti umuna uli m'kumenya. Chimene ndaona kuti n'chanzeru ndi kuchisunga poonekera pamodzi ndi mbiri yake yonse, luso la mmisiri ndi misozi ya wamasiye zomwe, ndipo pambali pake n'kuikapo chinthu chimene makolo omwewo ankathetsera udani.

M'nyumba zambiri za kwathu kuno mukadali zibonga, nthungo ndi mauta, zosomekedwa kudenga kapena zoponyedwa pansi pa nkhokwe, chiswe chikuzinyambita. Amene akudziwa mtengo umene zinasemedwako, mwini wake woyamba, ndi ngati zinapita ku uzimba kapena kunkhondo, ndi okalamba, ndipo akutha mmodzimmodzi. Simufunika galasi kapena chilolezo cha boma kuti muchite zimene otolera a zaka za m'ma 1870 sanachite kawirikawiri. Tsitsani chibongacho, kakhaleni pansi pamaso pa agogo, muwafunse, ndipo mulembe m'kope zonse zimene anene, zokoma ndi zowawa zomwe. Mukatha kufunsa za nkhondo, muwafunsenso kuti nkhondoyo inatha bwanji, ndani anayamba kupita kwa mnzake, ndipo ananyamula chiyani m'manja.